SIKELO YA MKONZI: ZA MAGAZINI A MADOKOTALA NDI MDULIDWE WA MAKANDA

Pa nyengo ya masika, mlimi akasenza thumba la mtedza kapena la thonje kunka nalo kumsika, aimirira patsogolo pa sikelo imene sanaipange ndiye, ndipo kawiri kawiri sadziwa kuiwerenga. Kalaliki akoloweka thumba, napenya muvi, nachula kulemera kwace. Mlimi angobvomera, nalandira ndalama zace, nabwerera kumudzi. Thukuta la caka conse lapacikidwa pa mau a munthu mmodzi.

Akalaliki otere ali a mitundu itatu. Alipo wakuba, amene apotoza sikelo dala. Za iye palibe cobvuta, pakuti ali yense adziwa dzina la chimo lace. Alipo wolungama, amene ayesa sikelo yace m'mawa uli wonse ndi mwala wodziwika kulemera kwace. Koma alipo wacitatu, munthu wa mtima wabwino, wosaba ngakhale kakobiri, amene analandira sikelo kwa iye amene anamtsogolera pa nchitoyo, iri yopendekeka kale pang'ono. Ndipo popeza sanaonepo sikelo yina, aiyesa yoongoka. Alimi acoka pamaso pace atacepetsedwa, iye nagona tulo tabwino usiku. Kodi munthu uyu ali ndi mlandu? Ndipo ngati ali nao, uyamba liti?

Funso limeneli likhudza anthu a nchito zambiri: mfumu pabwalo, mphunzitsi poyesa ana, mkuru wa mpingo poweruza. Koma pano lidzayesedwa pa anthu amene a kumudzi sawaona ndi maso, ngakhale dzanja lao lifika mpaka pa mphasa ya mwana wakhanda. Amenewa ndiwo akonzi a magazini a madokotala, makamaka pa nkhani ya mdulidwe wa makanda aamuna.

MKONZI NDANI?

Dokotala wa pacipatala sangathe kuyesa yekha mankhwala ali onse ndi mcitidwe uli wonse. Zambiri zimene adziwa anaziwerenga, kapena anazimva kwa aphunzitsi ace amene anaziwerenga. Ndipo kumene ziwerengedwa ndiko m'magazini a madokotala, monga The Lancet ya ku London, imene inayamba mu 1823. New England Journal of Medicine ya ku Boston, imene inayamba mu 1812. British Medical Journal. Ndi Pediatrics, imene ndiyo magazini ya bungwe la madokotala a ana la ku America, lochedwa American Academy of Pediatrics.

Munthu akafufuza kanthu, alemba zimene wapeza natumiza kwa mkonzi. Mkonziyo asankha anthu awiri kapena atatu odziwa nchitoyo kuti apende colembaco; akamva mau ao, aweruza ngati cisindikizidwe kapena cibwezedwe. M'magazini akuru zobwezedwa zicuruka kwambiri koposa zolandiridwa. Cotero mphamvu ya mkonzi iri yaikuru. Ndiye asankha openda. Ndiye abvomereza mutu wa nkhani. Ndiye aitana munthu womveka kuti alembe mau oyamikira kapena ocenjeza pambali pace. Ndiye asankha makalata a otsutsa amene adzaoneka ndi amene adzatayidwa. Zimene iye walola zilowa m'mabuku a sukulu za madokotala, nizifika ku maboma, nizisanduka malangizo. Potsiriza namwino wa pacipatala ca kumudzi azinena kwa mai wonyamula khanda, monga zinthu zosakayikitsa. Maiyo ali ngati mlimi uja: sangathe kuwerenga sikelo, angobvomera.

CIFUKWA CACE NKHANI IYI IBVUTA KUYESA

Pa matenda ambiri mkonzi alibe mbali. Ngati funso liri lakuti mankhwala ati apha msanga tizirombo ta malungo, mtima wace sukokera kwina. Koma mdulidwe suli wotero, pakuti usanakhale nkhani ya cipatala unali kale nkhani ya cipembedzo, ya mtundu ndi ya banja. Ayuda adula ana ao tsiku lacisanu ndi citatu, monga mwa pangano la Abrahamu lolembedwa pa Genesis 17. Asilamu adula. Aluvale, Alunda ndi Achokwe a kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia ali ndi mukanda, ndipo Ayao ali ndi jando. Koma Acewa ndi Ansenga sanaulandira mwambowu kwa makolo ao. Pa dziko lonse lapansi, pafupi fupi mwamuna mmodzi mwa atatu ali wodulidwa. Mkonzi ali yense wamwamuna ali mbali yina kapena yinzace m'thupi lace lomwe. Ndipo ambiri, amuna ndi akazi omwe, anaweruza kale za ana ao. Munthu sakonda kumva kuti cimene anamcitira atate wace, kapena cimene iye anacitira mwana wace, cinali colakwa.

Kwa Mpingo mlandu wa cipulumutso unatha kale. Msonkhano wa ku Yerusalemu, wolembedwa pa Macitidwe a Atumwi 15, sunasenzetse amitundu katundu wa mdulidwe. Paulo anadula Timoteo cifukwa ca Ayuda a m'maiko amene anati apitemo, koma Tito sanakakamizidwe. Cifukwa cace Mkristu ali mfulu kupenda nkhaniyi wopanda mantha, wosanyoza wodulidwa kapena wosadulidwa. Funso la pano si lakuti adule kapena asadule ai. Liri lakuti, kodi iwo amene agwira sikelo aigwira molungama?

NJIRA ZIWIRI ZA ANTHU A CINENERO CIMODZI

Mbiri ionetsa kuti sikeloyo inapendekekapo kale. Mu 1870 dokotala womveka wa ku New York, Lewis Sayre, anaona mnyamata wa zaka 5 amene miyendo yace sinathe kuongoka. Anamdula, nalengeza kuti mdulidwewo ndiwo unamciritsa. Sayre anali munthu wolemekezeka, amene mu 1880 anakhala mtsogoleri wa bungwe la madokotala la American Medical Association, ndipo mau ace anamveka kutali. M'zaka zotsatira, zolemba za madokotala a ku America ndi ku Britain zinadzala ndi mau akuti mdulidwe uciritsa kapena uletsa khunyu, kupuwala, kukodza pogona, ndi zizolowezi zobisika za anyamata zimene anthu a nthawi imeneyo anaziopa kwambiri. Lero palibe dokotala akhulupirira zimenezo. Koma akonzi a masiku aja anazisindikiza osafunsa umboni wolimba, cifukwa zinagwirizana ndi zimene iwo ndi owerenga ao anafuna kumva.

Pambuyo pace njira zinapatukana. M'mwezi wa December 1949, British Medical Journal inasindikiza colemba ca dokotala wa ana, Douglas Gairdner. Iye anaonetsa kuti khungu la kunsonga la mwana wobadwa kumene liri lomamatira mwa cibadwidwe, ndi kuti mwa ana ambiri limasuka lokha pofika zaka 3. Cotero cimene madokotala ambiri anaciyesa matenda ofuna mpeni sicinali matenda konse. Anawerenganso kuti pakati pa 1942 ndi 1947 ana monga 16 anamwalira caka ndi caka ku England ndi Wales cifukwa ca mdulidwe ndi mankhwala ogonetsa. Pa nthawi yomweyo boma la Britain linali litayamba kulipira zipatala, kuyambira 1948, ndipo mdulidwe wa makanda wopanda matenda unacepa kwambiri m'dzikomo. Ku America sikunatero. Kumeneko mwambowo unakhazikika, kotero kuti ngakhale mu 2010 makanda aamuna monga 58 mwa 100 anadulidwa asanaturuke m'cipatala.

Apa pali codabwitsa. Maiko awiri a cinenero cimodzi, owerenga magazini amodzimodzi, okhala ndi ana a matupi ofanana, anafika pa ziweruzo zosiyana. Ndipo kuyambira pamenepo madokotala a dziko liri lonse anakulira m'cizolowezi ca kwao, naciyesa nzeru yeniyeni. Sikelo inapatsidwa kucokera kwa mphunzitsi kunka kwa wophunzira iri yopendekeka, yina uku, yina uko.

UMO SIKELO IPENDEKERA POPANDA BODZA

Anthu ambiri ayesa kuti tsankho la mkonzi liri kusindikiza mabodza. Kumeneko kucitika kamodzi kamodzi. Koma kupendekeka koopsa ndiko kumene kucitika mau onse ali oona. Njira zace zazikuru ziri zinai.

Yoyamba iri posankha ciwerengero. M'zaka za m'ma 1980 dokotala wa asilikari a ku America, Thomas Wiswell, anapeza kuti makanda osadulidwa adwala matenda a m'njira ya mkodzo monga kakhumi kuposa odulidwa. Mau akuti kakhumi aopsa kholo liri lonse. Koma matendawo agwira monga khanda limodzi mwa 100 la osadulidwa. Ndipo mu 2005 ofufuza a ku Australia, polemba m'magazini ya Archives of Disease in Childhood, anawerenga kuti pafunika kudula ana 111 kuti mmodzi apewe matendawo, amenenso kawiri kawiri acira ndi mankhwala. Ziwerengero zonse ziwiri ziri zoona. Koma mkonzi amene aika coyamba pamutu pa nkhani nabisa caciwiri m'kati, kapena amene acita mosinthanitsa, watsogolera wowerenga kumene iye afuna, wosanama ngakhale liu limodzi.

Yaciwiri iri potenga umboni wa kwina ndi kuugwiritsa nchito kwina. Pa nkhani ya kacirombo ka HIV kunacitika kuyesa kutatu kwakukuru mu Africa. Ku Orange Farm, pafupi ndi Johannesburg, amuna oposa 3,000 anagawidwa mwa maere, ena nadulidwa pomwepo, ena nayembekeza. Mwa odulidwa 20 anatenga kaciromboko, mwa osadulidwa 49. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2005 m'magazini ya PLoS Medicine. Kuyesa kwa ku Kisumu m'dziko la Kenya, ndi kwa ku Rakai m'dziko la Uganda, kunaturuka mu The Lancet mu February 2007, nikuonetsa cimodzimodzi: ngozi ya mwamuna inacepa ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Mwezi wotsatira bungwe la World Health Organization linalangiza mdulidwe m'maiko amene kaciromboko kanafala kwambiri, ndipo Zambia inali limodzi la maikowo. Umboni umenewu uli wolimba, ndipo wougwetsa dala acimwira miyoyo ya anthu. Koma oyesedwawo anali anyamata ndi amuna akuru, amene anabvomera okha, okhala kumene matendawo anacuruka. Panalibe khanda pakati pao. Colemba cimene citenga ziwerengero za ku Rakai ndi kuziika pa khanda lobadwa ku Boston kapena ku Copenhagen calumpha mtsinje. Kapena kulumphako kuli koyenera, kapena iai, koma mkonzi wolungama aumiriza wolemba kunena poyera kuti walumpha.

Yacitatu iri posaika kanthu kena pa sikelo konse. Kwa zaka zambiri madokotala anaphunzitsidwa kuti khanda silimva ululu monga munthu wamkuru, ndipo makanda osawerengeka anadulidwa popanda mankhwala oletsa ululu. Namwino ali yense anamva kulira kwao. Koma magazini anacuruka ndi nkhani za zipangizo ndi za kadulidwe, kulirako kosayesedwa. Mu 1987 New England Journal of Medicine inasindikiza colemba ca Anand ndi Hickey coonetsa kuti makanda amvadi ululu. Mu 1997 kuyesa kwina ku Edmonton, m'dziko la Canada, kunalekezedwa panjira, cifukwa ofufuza anaona kuti ana odulidwa popanda mankhwala anasautsidwa kwambiri. Ndipo caka comweco The Lancet inaonetsa kuti ana otere analira koposa anzao polandira katemera patapita miyezi. Mu 1999 bungwe la madokotala a ana la ku America linalangiza kuti mankhwala oletsa ululu aziperekedwa. Palibe mkonzi ananama pa zaka zonse zija. Cizolowezi cokha cinawauza kuti kulira kwa khanda kulibe kulemera, ndipo sanafunse.

Yacinai iri m'mau eni ace. Wolemba wina acha mwana wosadulidwa ndi dzina loonetsa ngati asowa kanthu. Wina amucha wathunthu, nacha wodulidwa wopundulidwa. Wina ayamba ndi kufunsa ngati pali cifukwa cokwanira coletsera makolo. Wina ayamba ndi kufunsa ngati pali cifukwa cokwanira cogwiritsira mpeni pa mwana wosadwala. Amene wasankha funso waweruza kale theka la mlandu, pakuti wasankha amene adzasenza katundu wa kupereka umboni.

MLANDU WA 2012

Zonsezi zinaonekera poyera m'caka ca 2012. Bungwe la American Academy of Pediatrics linali litasintha mau ace kangapo: mu 1971 linati palibe cifukwa ca cipatala codulira makanda, mu 1989 linati pangakhale zopindulitsa, mu 1999 linati zopindulitsazo sizikwanira kulangiza kuti onse adulidwe. Mu 2012 linalengeza m'magazini yace, Pediatrics, kuti zopindulitsa ziposa zoopsa, ngakhale sizifika polangiza mdulidwe wa makanda onse, ndi kuti makolo aweruze okha. Zaka ziwiri m'mbuyo mwace, mu 2010, bungwe la madokotala la ku Netherlands linali litapenda umboni wofanana, niliti kudula mwana wosadwala kulibe cifukwa cokwanira ndipo kuyenera kucepetsedwa.

Mu 2013 madokotala 38 a ku Ulaya ndi Canada, motsogozedwa ndi Morten Frisch wa ku Denmark, analemba kuti a ku America anapotozedwa ndi mwambo wa dziko lao, kumene mdulidwe uli cinthu ca masiku onse. A ku America anayankha kuti opotozedwa ndiwo a ku Ulaya, kumene mdulidwe uyesedwa cinthu cacilendo. Akuru anati, anyani sasekana zikundu. Mbali zonse ziwiri zinanena zoona za anzao, ndipo mbali zonse ziwiri zinabvutika kuona zao.

Komabe pali cinthu coyamikika pa mlanduwu. Magazini imene inasindikiza citsutso ca madokotala 38 aja inali Pediatrics yomweyo, ya bungwe lotsutsidwalo. Mwambi uti, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndipo kunali kwapafupi kwa akonziwo kuchinjiriza mkhate wao ndi kubweza colembaco. Sanatero, anaika citsutso ndi yankho pamodzi, kuti wowerenga aone zonse. Momwemonso mu 2009 The Lancet inasindikiza zimene ofufuza a ku Rakai omwe aja anapeza, kuti kudula mwamuna amene ali nako kale kaciromboko sikunachinjirize mkazi wace. Zinali zosakondweretsa kwa iwo amene anakonda mdulidwe, koma zinaturuka. Pamenepo ndipo sikelo inayesedwa ndi mwala wa mlendo.

Asaganize munthu kuti kupendekeka kuli mbali imodzi yokha. Ganizo lakuti mdulidwe ungacepetse kufala kwa HIV linalembedwa kale mu 1986, m'kalata ya ku New England Journal of Medicine. Kuyesa koyamba kunasindikizidwa patapita zaka 19, zaka zimene Africa inaika m'manda anthu osawerengeka. Ndipo kufikira lero alipo olemba amene, cifukwa ca kudana ndi mdulidwe wa makanda, akana ngakhale umboni wa amuna akuru. Cangu ca kuchinjiriza mwana cingathe kupotoza sikelo monga momwe cizolowezi ca makolo cipotozera.

KODI ALI NDI MLANDU?

Tsono funso loyamba lija libwera. Ena ati mkonzi wopendekeka mosadziwa alibe mlandu, pakuti chimo likhala m'cifuniro, ndipo iye sanafune kunyenga. Ena ati ali nao wonse, pakuti mwana amene anadulidwa popanda cifukwa, kapena mnyamata amene anamanidwa cochinjiriza, apwetekedwa cimodzimodzi, kaya mkonzi anadziwa kaya sanadziwe. Mayankho onse awiri ali ndi coonadi, koma onse aperewera.

Kubadwira m'mwambo si chimo. Palibe munthu anasankha mudzi wobadwiramo, ndipo mkonzi wopanda mwambo sadzapezeka pansi pano; wofuna woweruza wotere adzadikira mpaka imfa. Koma munthu amene walandira udindo wa kuyesera ena walandira pamodzi nao mangawa a kuyesa sikelo yace. Mlimi wamba angathe kukhala ndi maganizo ace osawapenda. Kalaliki wa pamsika sangathe, pakuti anthu amkhulupirira cifukwa ca malo amene akhalapo. Cilamulo ca Mose cinadziwa zimenezi: pa Levitiko 4 pali nsembe ya kucimwa kosadziwa, ndipo nsembe ya wansembe ndi ya mkuru iposa ya munthu wamba. Kusadziwa kucepetsa mlandu, koma sikuufafaniza. Ndipo kukula kwa udindo kukuza mangawa.

Mlandu weniweni uyamba tsiku limene munthu wina anena kuti sikelo yapendekeka. Kuyambira pamenepo kalaliki uja salinso wosadziwa. Akatenga mwala wa mnzace nayesa, ali wolungama ngakhale sikelo ipezeke yolakwa. Akakwiya, nathamangitsa wodandaulayo, nati sikelo ya atate wace singalakwe, wasanduka mbale wa wakuba uja. Pa Deuteronomo 25 wamalonda aletsedwa kusunga miyala yoyesera ya mitundu iwiri m'thumba limodzi. Chimo la mkonzi, likakhwima, liri lomwelo: colemba cogwirizana ndi mtima wace aciyesa ndi mwala wopepuka, nacilola ngakhale umboni uli wocepa; cotsutsana naye aciyesa ndi mwala wolemera, nacitumiza kwa openda amene adziwa kuti adzacikana. Angathe kuchula cifukwa comveka pa kukana kuli konse, pakuti palibe colemba copanda cirema. Koma cikumbu mtima cace cidziwa kuti miyala inali iwiri.

ZOYENERA MKONZI WOLUNGAMA

Madokotala eni ace anayesa kale kumanga mipanda. Kuyambira 2005 magazini akuru akana kusindikiza kuyesa kumene sikunalembedwe poyera kusanayambe, kuti munthu asabise zotsatira zosamkondweretsa. Olemba afunsidwanso kuulula amene anawapatsa ndalama. Mipanda imeneyi iri yabwino. Koma pa nkhani ya mdulidwe cokoka mtima kawiri kawiri si ndalama, koma mwambo, cipembedzo, kapena kulowa m'gulu lolimbana ndi mbali yina. Cifukwa cace pafunika zoonjezera.

Coyamba, mkonzi adzifunse pa colemba ciri conse: cikadapeza zosiyana ndi izi, ndi umboni wa mlingo womwewu, kodi cikadalandiridwa? Ngati yankho liri iai, miyala iri iwiri.

Caciwiri, asankhe openda a maiko ndi miyambo yosiyana, wina wa kumene adula, wina wa kumene sadula. Pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo cimene mwini nyumba saciona mlendo aciona polowa.

Cacitatu, aumirize kuti ziwerengero zinenedwe m'njira zonse ziwiri, ndi kuti zoopsa ziwerengedwe ndi cangu cofanana ndi zopindulitsa.

Cacinai, alekanitse zimene sikelo ingathe kuyesa ndi zimene singathe. Kucuruka kwa matenda, kwa zironda ndi kwa imfa kuwerengeka. Koma kulemera kwa pangano la Myuda, kapena kwa ufulu wa mwana kudzaweruza yekha za thupi lace atakula, sikupezeka ndi masamu. Dokotala akati zopindulitsa ziposa zoopsa, waika kale mtengo pa khungu locotsedwalo, waukuru kapena waung'ono kapena wacabe. Ndipo mtengo umenewo sanaupeze m'cipatala. Ali nao ufulu wa kunena maganizo ace, koma awanene monga maganizo, asawabveke mwinjiro woyera wa cipatala.

Cacisanu, akhale wokonzeka kubweza mau. Mu 2020 World Health Organization inakonzanso malangizo ace, niiti mdulidwe wochinjiriza ku HIV ulunjike kwa a zaka 15 ndi kupitirira; ndipo thandizo la boma la America lochedwa PEPFAR linaleka kulipira mdulidwe wa makanda ndi wa ana osafika zaka 15, popeza kunaoneka kuti zobvulala zina zoopsa, ngakhale zinali zosowa, zinagwera makamaka ang'ono. Kusintha kotere si manyazi. Ndiko kuyesa sikelo m'mawa.

ZOYENERA KHOLO

Wowerenga wa kumudzi angati, Zonsezi ziri za anthu a ku London ndi ku Boston. Mlimi adzacitanji nazo? Zoona, iye sangathe kukonza magazini. Koma asagwe m'maenje awiri. Loyamba ndilo kuyesa ciri conse cosindikizidwa monga cosalakwa. Laciwiri, loipa koposa, ndilo kunena kuti popeza madokotala atsutsana, onse ali onama, ndipo cipatala cisiyidwe. Sikelo yopendekeka pang'ono iposabe kuyesa ndi maso. Ndipo zolakwa zonse zachulidwa pano zinaululidwa ndi madokotala anzao, m'magazini omwewo.

Kholo limene lauzidwa za mdulidwe wa mwana wace liri ndi ufulu wa kufunsa mwaulemu: Kodi mwanayu adwala, kapena ndi kuchinjiriza za m'tsogolo? Ngati ndi za m'tsogolo, kodi coopsaco cidza pa ukhanda, kapena mwana angathe kudikira kuti adzabvomere yekha? Zobvuta zimene zingagwe nzotani, ndipo wodulayo anaphunzira nchitoyo? Kodi adzapatsidwa mankhwala oletsa ululu? Namwino wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ndipo mnyamata wamkuru amene asankha kudulidwa akumbukire kuti ngozi icepa koma siitha. Mdulidwe sulowa m'malo mwa kudzisunga.

Pa mlandu wonsewu alipo mmodzi amene salemba kalata kwa mkonzi, sakhala pa msonkhano, ndipo safunsidwa: ndiye khanda. Akuru a pabwalo adziwa kuti mlandu wa munthu wosatha kudzinenera ufuna kusamala koposa wina uli wonse, pakuti woweruza akalakwa palibe wodandaula. Cifukwa cace iye amene agwira sikelo pa nkhani iyi, kaya ali mkonzi wa ku London, kaya dokotala wa ku Chipata, kaya atate ndi amai m'nyumba mwao, ayenera kukumbukira kuti sikelo yace anailandira kwa ena, ndi kuti ingathe kukhala yopendekeka iye osadziwa. Kuilandira yotero si mlandu wace. Kukana kuiyesa ndiwo mlandu.